Mbuzi zasenda mtengo wanga wa mango kuzungulira thunthu, koma masamba akadali obiriwira. Upulumuka?

MayiWaKuSalima
Moni nonse pagulu pano. Paja safunsa anadya phula, ndiye ndabwera ndi funso. Ndili ndi mtengo wa mango womezanitsa, wa mtundu wa Kent, umene ndinabzala kuseri kwa nyumba zaka zinayi zapitazo. Chaka chino ndi chachiwiri kubereka. Masabata atatu apitawo ndinapita kumaliro kumudzi, pobwera ndinapeza mbuzi za aneba zathyola mpanda n'kusenda khungwa kuzungulira thunthu lonse. Bala lake ndi lotalika ngati chikhatho, pamwamba pang'ono pa pomwe anamezanitsira, ndipo mtengo woyera wamkati ukuonekera mbee. Mtima unandipweteka, chifukwa mtengowu ndinaulera ndi madzi osenza pamutu. Chondizunguza n'chakuti mpaka lero masamba ali bwinobwino, timango tikukula, palibe tsamba lafota. Bambo akunyumba akuti ndisadandaule, mizu ili bwino ndiye mtengo ukudya. Mlamu wanga akuti wafa kale, ndingodula nkhuni. Ndimvere ndani?

WaDimbaLaTomato
Abambo akunena zoona, mayi. Mtengo umadya ndi mizu. Thirani manyowa, thirirani madzi okwanira, bala lipola lokha.

AgogoAkuNtcheu
Pepani mwana wanga. Ine ndakula ndikuziona izi. Kale tikamatsegula munda, pakakhala mtengo waukulu wovuta kugwetsa, abambo athu sankataya tsiku lonse ndi nkhwangwa. Ankangosema khungwa kuzungulira n'kuusiya. Mtengo uja unkakhala wobiriwira dzinja lonse, wina mpaka kutulutsa masamba atsopano. Chaka chinacho mumangoona wayoyoka, wauma uli chiimire. Kubiriwira kwa lero kusakunamizeni.

AphunzitsiBio
Agogo anena zenizeni, ine ndingofotokoza chifukwa chake. Mu thunthu la mtengo muli njira ziwiri zosiyana, ndipo mbuzi zadula imodzi yokha.

Njira yoyamba ili mu mtengo wolimba wamkati, woyera umene mukuuonawo. M'mabuku amaitcha xylem. Ndi timapaipi tating'onoting'ono ta maselo (tizipinda tosaoneka ndi maso timene timapanga thupi la chamoyo) amene anafa kale n'kutsala mphako zokhazokha. Ntchito yake ndi kukweza madzi ndi michere ya m'nthaka kuchoka ku mizu kukafika ku masamba. Masamba akamataya madzi padzuwa amakoka ena kuchokera pansi, monga mwana akamayamwa thobwa ndi kaphesi. Mbuzi sizinaikhudze njira imeneyi, n'chifukwa chake masamba anu sanafote.

Njira yachiwiri ndi yopyapyala kwambiri, ili kunsi kwa khungwa lenileni ndipo imasendeka limodzi nalo. Dzina lake ndi phloem. Aliyense amene anasendapo luzi la mombo anaigwira ndi manja ake, chifukwa luzi limachokera m'gawo lomwelo. Njira imeneyi ndi yamoyo, ndipo ndi imene imanyamula chakudya. Chakudyacho ndi shuga, ndipo amapangidwa m'masamba: tsamba limatenga mpweya wa carbon dioxide, madzi ndi mphamvu ya dzuwa n'kupanga shuga. Mizu ili mumdima, siingapange shuga wake. Imadikira kuti masamba aitumizire.

Ndiye pano masamba akumwa, mizu ikugona ndi njala. Ikudya zimene inasunga kale. Nkhokwe imeneyo ikatha mizu ifa, ikafa madzi asiya kukwera, ndipo m'pamene mudzaone masamba akuyoyoka. Zimatha kutenga miyezi yambiri, pena kupitirira chaka.

WaDimbaLaTomato
Aphunzitsi, apo ndiye sindikumvetsa. Ngati chakudya chimachokera m'masamba, ife feteleza timamugulira chiyani mokwera mtengo chonchi? Siyani chimanga osathira feteleza muone ngati masamba achidyetse.

MtsikanaWaFomu4
Ndiyankheko pang'ono zimene tinaphunzira. Kunali munthu wina wa ku Belgium, Jan Baptist van Helmont, amene anabzala kamtengo kolemera makilogalamu pang'ono kuposa 2 mu mphika wa dothi louma lokwana pafupifupi makilogalamu 90. Anakathirira madzi okha kwa zaka 5. Atakazula, kanali katafika pafupifupi makilogalamu 77, koma dothi linangochepa ndi magalamu osakwana 60. Zinasindikizidwa mu 1648. Iye anaganiza kuti kulemera konseko kwachokera m'madzi, chifukwa nthawi imeneyo za mpweya anali asanazidziwe bwino, koma anaonetsa kuti mtengo sudya dothi.

MlangiziWopuma
Wakhoza mwana. A WaDimba, musaone ngati akukutsutsani pa za feteleza. Feteleza ndi wofunika, koma ntchito yake ndi ina. Taganizirani thumba la makala. Kuda konse kuja ndi carbon, ndipo carbon ameneyo mtengo unamutenga mumpweya kudzera m'masamba, osati m'nthaka. Mukawotcha makalawo mpaka kutha, kaphulusa kotsala pa mbaula kaja ndiko mbali yaikulu ya michere imene mizu inatola m'nthaka. Yerekezani thumba ndi kaphulusako.

Koma popanda michere yochepayo tsamba siligwira ntchito. Nitrogen wa mu urea ndi amene amathandiza kupanga kubiriwira kumene kumagwira dzuwa. Mukapanda kuthira, masamba amachita chikasu, shuga amapangidwa wochepa, chisononkho chimatuluka chaching'ono. Feteleza amapatsa mphamvu wophika, koma wophikayo ndi tsamba.

WaDimbaLaTomato
Za makala ndi phulusazo zandilowa. Komabe ndikadali ndi mafunso, ndibweranso.

MnyamataWaKuMangochi
Ine ndikutsutsa zoti mtengo ukasendedwa kuzungulira umafa. Kwathu kuno milambe anthu amaisenda chaka ndi chaka kupangira zingwe ndi mikeka, ina kuzungulira thunthu lonse, koma ilipobe kuyambira nthawi ya agogo athu. Mukuti bwanji pamenepo?

AphunzitsiBio
Mwaona bwino achimwene, ndipo simukunama. Mlambe ndi wapadera. Thupi lake lamkati ndi lofewa, lodzaza madzi ndi maselo amoyo ambiri, ndipo maselo amenewo amatha kumeretsa khungwa latsopano pamalo onse osendedwa. Mango alibe mwayi wotere pa bala lalikulu limene lakhala padzuwa masabata atatu. Pakati pa khungwa ndi mtengo wamkati pali kagawo koterera, kamene ana amakamva akasenda kanthambi n'kuona kakunyowa m'manja. Dzina lake ndi cambium, ndipo ndiko kamapanga xylem yatsopano mkati ndi phloem yatsopano kunja. Mbuzi zikangosenda inu n'kukulunga msanga ndi pulasitiki tsiku lomwelo, kagawo kameneka nthawi zina kamapulumuka n'kumeretsa khungwa. Kakauma, katha.

MayiWaKuSalima
Kauma kale, aphunzitsi. Pamene ndinkafika panali pataderako ndi dzuwa la kuno ku Salima.

BamboAChikondi
Koma tisaiwale mwini mbuzi. Alipire ameneyo. Mtengo wa zaka zinayi si masewera. Pitani kwa amfumu.

NachisaleWaMsika
Kulipira chiyani? Tikakolola, ziweto zimamasulidwa, aliyense amadziwa. Amene ali ndi mitengo ndiye amange mpanda wolimba.

BamboAChikondi
Mpanda unalipo, mayiwa anena kuti zinathyola. Kwathu amfumu anakhazikitsa lamulo loti mbuzi yopezeka m'dimba la munthu, mwini wake apereke chindapusa, chilimwe kaya dzinja. Chiyambireni anthu ayamba kumangirira. Mwambo womasula ziweto unali wabwino nthawi imene anthu sankalima chilimwe. Lero tili ndi madimba, tili ndi mitengo ya zipatso, zinthu zasintha.

NachisaleWaMsika
Mbuzi yomangirira mu Okutobala idya chiyani? Tchire lonse lapsa. N'chifukwa chake zikuthamangira makungwa, muli chinyezi ndi kutsekemera.

MayiWaKuSalima
Za mlandu tinakambirana kale pachibale, anebawo anapepesa ndipo athandiza kumanga mpanda wina. Ndi anthu amene timapemphana moto. Ine chimene ndikufuna ndi mtengo wanga.

MtsikanaWaFomu4
Tibwerere ku mtengo. Aphunzitsi, pali chimene chimandivuta mpaka lero. Mwa munthu magazi amayenda chifukwa mtima umapopa. Madzi mwati masamba amakoka. Nanga shuga amamukankha ndani kuti achoke kutsamba kukafika kumizu?

AphunzitsiBio
Funso limeneli linavutitsa akatswiri kwa zaka zambiri. Yankho limene ambiri amavomereza lero analifotokoza Ernst Münch wa ku Germany mu 1930.

Yamba ndi zimene umaziona kukhitchini. Ukadula tomato kapena kabichi n'kuwaza mchere, pakapita kanthawi m'mbale mumadzaza madzi. Mchere wakoka madzi kuchokera m'maselo. Shuga amachitanso chimodzimodzi: pomwe wachuluka, madzi amathamangira pomwepo.

Tsono m'tsamba, m'timitsempha tating'ono tija umationa ukaliyang'anitsa padzuwa, shuga amalongedzedwa m'timapaipi ta phloem. Timapaipi timeneti ndi maselo amoyo olumikizana mutu ndi mchira, ndipo pamalo olumikizirana pali khoma la tizibowo ngati sefa ya ufa. Maselo amenewa anataya zambiri zamkati mwawo kuti njira ikhale yotakasuka, ndiye lililonse lili ndi selo lina pambali pake lolisamalira, ndipo m'zomera zambiri ndi selo lapambalili limene limagwiritsa ntchito mphamvu kulowetsa shuga m'paipi. Shuga akachuluka mmenemo, madzi ochokera mu xylem yoyandikana nayo amalowa, paipi imafufuma ngati chubu cha njinga chopopedwa kwambiri. Kumapeto kwina, kumizu kapena m'chipatso, shuga akutulutsidwa kukagwiritsidwa ntchito kapena kusungidwa, madzi nawonso akutuluka, ndiye kumeneko paipi ndi yofewa. Madzi a shuga aja amangoyenda okha kuchoka kofufuma kupita kofewa. Amayenda pafupifupi theka la mita mpaka mita imodzi pa ola, usana ndi usiku.

Palibe mtima wopopa. Chimene chikuyendetsa ndi kulongedza kumbali imodzi ndi kutsitsa kumbali inayo.

MnyamataWaKuMangochi
Ndiye xylem ndi yokwera, phloem ndi yotsika. Ndagwira.

AphunzitsiBio
Theka loyamba ndi lolondola, lachiwiri ayi, ndipo ana ambiri amalakwa pomwepa pamayeso. Phloem imapita kulikonse kumene kukufunika chakudya. Mango amene ali kunsonga ya nthambi amalandira shuga wochokera ku masamba apansi pake, ameneyo akukwera. Tsamba lanthete lofiirira lija silinayambe kudzidyetsa, limalandira kwa akuluakulu ake. Mukabzala mbatata ya kachewere, mphukira imakula ndi chakudya chokwera kuchokera mu mbatatayo mpaka itakhala ndi masamba akeake. Paipi imodzi imayenda mbali imodzi pa nthawi, koma mapaipi ndi ambiri, ena akukwera ena akutsika.

WakuNkhataBay
Ndimafuna kudziwa, anaziona bwanji zimenezi? Timapaipi tosaoneka ndi maso, munthu angatunge bwanji madzi ake n'kunena kuti muli shuga?

MlangiziWopuma
Anathandizidwa ndi mdani wathu, nsabwe za mbewu zija zimadzadza kunsi kwa masamba a mpiru ndi nyemba. Kachilombo kameneka kali ndi kamlomo kosongoka kuposa singano, ndipo kamakalowetsa mwaluso mpaka m'paipi imodzi ya phloem. Sikavutika n'kuyamwa, kufufuma kwa m'paipi kumakankhira madziwo m'mimba mwake. M'zaka za m'ma 1950 akatswiri anayamba kudula kachilomboko kali pakudya, n'kusiya kamlomo kali chilowere. Pa kamlomo kodukako madzi ankangodontha kwa maola ambiri, iwo n'kumatunga ndi kuyeza. Anapeza shuga wambiri, nthawi zambiri magawo 10 mpaka 30 pa 100, ndipo ndi mtundu womwewo wa shuga amene timathira mu tiyi.

Umboni wake mumauona m'munda. Nsabwe zimalandira shuga woposa zimene zikufuna, wotsalayo zimataya. N'chifukwa chake masamba okhala ndi nsabwe amamata m'manja, nyerere zimakwera ndi kutsika kukanyambita, kenako pamamera nkhungu yakuda ngati mwaye. Mukaona mzere wa nyerere pa mtengo wa lalanje kapena mango, tembenuzani masamba muone chimene zikutsatira.

WakuNkhataBay
Nsabwe zimenezi ife zinatiliza. Matenda a chisaka anatha nthochi kuno kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo alangizi ankatiuza kuti amafala ndi nsabwe za nthochi. Tsopano ndikumvetsa chifukwa chake ankati tizule phata lonse, osangodula tsinde lodwala. Ngati kachilombo koyambitsa matendawa kamalowa m'njira ya chakudya, ndiye kamafika ndi ku ana a nthochi omwe.

MlangiziWopuma
Ndi momwemo ndithu. Njira imene imanyamula shuga imanyamulanso matenda a mtundu umenewo kufika nawo m'phata ndi m'mphukira zonse.

WauchemaKuNsanje
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma apa ndilankhuleko chifukwa ndi ntchito imene ndinakulira. Ife tikamagoma uchema pa mgwalangwa, timadula kumutu kwa tsinde n'kuikapo katsamba kolondolera madzi m'chigubu. Madzi ake akamatuluka kumene ndi otsekemera, mwana akhoza kumwa, amayamba kuwawasa akakhalitsa. Koma chinsinsi chake n'chakuti m'mawa ndi madzulo uyenera kusenga kagawo kopyapyala pamwamba pa bala ndi mpeni wakuthwa. Ukajomba tsiku limodzi, kudontha kumachepa, ukajomba masiku angapo kumasiya. Atate anga ankati mtengo umatseka pakamwa. Kodi ndi njira yomweyi?

AphunzitsiBio
Ndi yomweyo, ndipo atate anu ananena molondola. Uchema ndi madzi a mu phloem. Paipi ikadulidwa, chomera chimatseka tizibowo ta sefa tija kuti shuga asatayike, monga magazi amaundana pa bala. Inu mukasenga mumachotsa chotsekacho n'kutsegula malo atsopano. N'chifukwa chakenso mayi athuwa sanaone shuga akuchucha pa mango awo.

Mwatikumbutsanso china. Mgwalangwa, nzimbe, chimanga ndi nsungwi zilibe khungwa lokhala ndi phloem mozungulira ngati mango. Mitsempha yake ili timitolo tomwazikana m'tsinde lonse. Mukatafuna nzimbe, ulusi umene umatsala m'kamwa uja ndi timitolo timeneti. Zomera zotere kuzipala kunja sikudula njira yonse.

WakuKapa
Moni akwathu, ine ndili ku Western Cape, ndimagwira ntchito m'minda ya mphesa zodya. Mukudziwa kuti kuno timachita dala zimene mbuzi zachitazo? Pali kampeni kake ka mano awiri, timazungulira nako thunthu n'kuchotsa kalamba ka khungwa kopyapyala, mamilimita ochepa chabe. Shuga amalephera kutsikira kumizu kwa kanthawi, yense amapita ku zipatso, mphesa zimakula bwino. Pakatha masabata angapo bala limalumikizana lokha. Koma kapitawo amayang'anitsitsa kwambiri, chifukwa ukazamitsa mpeni kapena kukulitsa bala, wapha mpesa.

MayiWaKuSalima
A WakuKapa, mwandikumbutsa. Ndapita kukayang'ananso pompano. M'mphepete mwa bala chakumwamba khungwa latupa, lachita ngati mlomo wokhuthala kuzungulira. Chakumunsi kulibe kutupa, kwangouma. Komanso timango ta chaka chino tikuoneka tonenepa kuposa chaka chatha. Ine ndimayesa ndi chizindikiro chabwino.

AphunzitsiBio
Mayi, mwaona ndi maso anu chimene Marcello Malpighi wa ku Italy anaona m'zaka za m'ma 1600 atasenda mitengo mozungulira: kumwamba kwa bala kumatupa, kumunsi ayi. Mu 1928 Mason ndi Maskell anachitanso zomwezo pa thonje ku Trinidad, nayeza n'kupeza kuti shuga amaunjikana m'khungwa pamwamba pa bala. Chakudya chikutsika, chafika pomwe mlatho waduka, chaima. Kutupako kukusonyeza kuti kumtunda kuli moyo wamphamvu, ndipo zimenezo zitithandiza. Koma kunenepa kwa mango kusakusangalatseni, akudya gawo la mizu.

Chigwada77
Nkhaniyi yandifotokozera zinthu ziwiri zimene ndinkangoziona. Choyamba, tili ana tinkasaka misinde m'munda wa chimanga, ndipo tonse tinkadziwa kuti phesi losabereka, lija lofiirira, ndilo lotsekemera kwambiri. Ndiye kuti shuga anasowa chisononkho choti apiteko n'kungokhala m'phesi. Chachiwiri, mayi anga ankatikalipira tikathyola chigwada chambiri pa tsinde limodzi, ankati mukupha chinangwa chapansi. Ife tinkaona ngati akuumira ndiwo.

AgogoAkuNtcheu
Amayi anu ankadziwa. Kholowanso n'chimodzimodzi, ukathyola mosaleza mtima mbatata zimangokhala mizu. Nkhwani timatola tsamba apa tsamba apo, osakungudza masamba onse a dzungu limodzi. Ndipo amene amasadzula masamba a chimanga kudyetsa ng'ombe njere zisanakhwime amadzionera okha pokolola.

MlangiziWopuma
Makamaka masamba a pachisononkho ndi apamwamba pake, amenewo ndiwo amadzaza njere. Alimi a fodya amagwiritsa ntchito nzeru yomweyi mbali inayo: amadula maluwa kumutu ndi kuchotsa mphukira kuti chakudya chisapite ku njere, chikhale m'masamba amene akufuna kugulitsa.

WaDimbaLaTomato
Ndabweranso monga ndinanenera. Tomato wanga amawola kumatako, pamachita bala lakuda lolowa mkati, pomwe masamba ali bwinobwino. Ena anandiuza kuti ndi kusowa kwa calcium, umodzi wa michere ya m'nthaka. Ngati masamba amatumiza chakudya ku zipatso, bwanji osatumizanso calcium ameneyo?

MlangiziWopuma
Funso la mlimi weniweni limeneli. Phloem siinyamula shuga yekha. Imanyamulanso nitrogen, phosphorus, potassium ndi magnesium, ndipo chomera chimatha kuzichotsa m'masamba akale n'kuzipititsa kwa atsopano. N'chifukwa chake chimanga chikasowa feteleza wobereketsa, chikasu chimayambira masamba apansi, kuchokera kunsonga kutsata mtsempha wapakati, pomwe kumutu kukadali kobiriwira.

Calcium ndiye amakana kuyenda m'njira imeneyi. Iye amakwera ndi madzi mu xylem, ndipo akafika pamalo wafika. Madzi ambiri amapita ku masamba chifukwa ndiwo amataya madzi kwambiri, chipatso chimalandira ochepa, ndipo kumatako kwa tomato ndiko kumathero a njira. Mukathirira lero kwambiri, n'kudumpha masiku atatu kukutentha, calcium amaduka pa nthawi imene chipatso chikukula msanga, maselo akumatako amafa. Nthawi zambiri m'nthaka calcium alimo. Thirirani mofanana tsiku ndi tsiku, phimbirani ndi udzu kuti chinyezi chisathawe, ndipo musachulutse urea.

WaDimbaLaTomato
Kudumphadumpha kuthirira ndiye kwanga kumene, chitsime chili kutali. Ndiyamba kuphimbira mawa. Ndipo mayi a ku Salima, mawu anga oyamba aja ndawabweza, manyowa okha sapoletsa bala limenelo.

NachisaleWaMsika
Bwanji osangomata ndowe ndi dothi pabalapo n'kumanga chiguduli? Ife timatero.

MlangiziWopuma
Pa bala la mbali imodzi zimathandiza kuti pasaume, khungwa lotsala limapitiriza ntchito. Pa bala lozungulira, ndowe sizinyamula shuga. Ndipo chonde wina asakuuzeni zopaka oyilo wakuda wa galimoto, amapha ndi maselo amoyo a m'mphepete omwe.

Mayi, nazi zimene ndingachite ukanakhala mtengo wanga. Kumanga milatho. Dulani timitengo pa mtengo womwewo, tokhwima pang'ono, tonenepa ngati pensulo, totalika kuposa bala ndi zala zitatu mbali iliyonse. Chotsani masamba. Songolani mbali zonse ziwiri mopendekera ndi mpeni wakuthwa, woyera. Pa thunthu, konzani m'mphepete mwa bala mpaka mufike pa khungwa lamoyo, ng'ambani pang'ono, lowetsani nsonga imodzi kunsi kwa khungwa lakumunsi, inayo kunsi kwa khungwa lakumwamba, mbali yosongolayo itsamire mtengo wamkati kuti zigawo zoterera zija zikumane. Mbali imene inali kumwamba pa nthambi ikhalenso kumwamba, mukatembenuza sizigwira bwino. Ikani milatho inayi kapena isanu kuzungulira. Mangani zolimba ndi pulasitiki womezanitsira, matani phula la njuchi m'malo olumikizira kuti mphepo ndi madzi zisalowe. Ngati simunamezanitsepo, itanani munthu wa ku nazale ya mitengo amene dzanja lake linazolowera.

Kenako zinthu ziwiri zowawa. Thotholani mango ambiri, makamaka onse, kuti milatho ikagwira shuga atsikire kumizu m'malo mothera m'zipatso. Ndipo mukaona mphukira zikutuluka pansi pa bala, musazichotse zonse. Siyani ziwiri kapena zitatu, masamba ake ndiwo adyetse mizu pamene mukudikira. Bzalaninso mbande ziwiri za mango achikuda, kaya kalisere kaya maboloma, pafupi ndi tsinde. Milatho ikakanika, mudzalowetsa nsonga za mbandezo m'khungwa pamwamba pa bala, mtengo udzapeza mizu yatsopano.

BamboAChikondi
Kuthothola mango onse? Nanga mtengo ukafabe, si ndiye wataya zonse ziwiri?

MayiWaKuSalima
Ndaganiza usiku wonse za zimenezo, a BamboAChikondi. Mango a chaka chimodzi ndikhoza kugula pamsika. Ndasiya asanu okha kuti ana alaweko, ena onse ndathothola m'mawa uno, anadzaza beseni. Mnyamata wa ku nazale abwera Lachinayi.

AgogoAkuNtcheu
Mwachita bwino. Tsono kuona maso a nkhono n'kudekha, musamakamasule pulasitiki tsiku ndi tsiku kuti muone.

MayiWaKuSalima
Moni nonse, ndabweranso patapita miyezi itatu monga ena munapempha. Tinaika milatho isanu. Itatu yagwira: ndi yobiriwira, yayamba kunenepa, ndipo pomwe inalowa m'khungwa pamera mnofu wolumikiza. Iwiri inauma n'kuda, ndikuganiza kuti ndi imene inali mbali ya dzuwa la masana. Pansi pa bala panatuluka mphukira zinayi, ndinasiya ziwiri. Kutupa kwa kumwamba kuja sikukuwonjezekanso. Pa mlatho umodzi patuluka kamphukira ka masamba awiri. Ndikasiye kapena ndikachotse?

MlangiziWopuma
Nkhani yabwino kwambiri, mayi. Kamphukira ka pa mlathoko kachotseni ndi chala kakadali kanthete, mlatho ukhale njira basi, usasanduke nthambi. Pulasitiki mumasuleko pang'ono kuti asamange milatho ikamanenepa. Mphukira zapansi zija zisiyeni mpaka dzinja lithe, muzingozidula kumutu zikatalika kwambiri. Ndipo poti mvula ikugwa ndipo khungwa likusendeka mosavuta, ino ndi nthawi yabwino yobwezeretsa iwiri inauma ija.

MayiWaKuSalima
Zikomo bambo. Kamphukira ndakachotsa. Timitengo tiwiri tatsopano tidula Loweruka m'mawa, ndipo ulendo uno mbali ya dzuwayo ndiimika kamkeka kuti pakhale mthunzi.